Mphatso Zanga za ku Katowo

Nkhani iyi mkazi wanga Lusungu anandiletsa kuifotokoza pagulu. Koma poti kwawo ku Rumphi ikukambidwa kale m'maukwati ndi m'masiwa momwe, bola muimve kwa ine mwini manyazi. Ena ayamba kuwonjezera kuti munalinso nkhumba. Limenelo ndi bodza, nkhumba munalibe.

Ine ndine Mbewe, mwana wa m'tauni weniweni. Ndinabadwira ku Blantyre, kukulira ku Lilongwe, ndipo kumudzi kwa bambo anga ndinkangopitako pa maliro, kufika m'mawa, madzulo ulendo. Nkhuku yomwe ndinkaidziwa bwino ndi ija ya m'firiji, yopanda mutu, yovala pulasitiki.

Apongozi anga, a Kumwenda, ndi munthu wina. Anaphunzitsa m'sukulu za mishoni moyo wawo wonse, ndi mkulu wa mpingo, ndipo amamanga tayi ngakhale popita kukathirira dimba. Sanandinyozepo ayi. Vuto lake n'lakuti sanandiyamikireponso. Ukamayankhula amakuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati akuchonga kope lako, ndipo ine chikwatirireni ndinkaona kuti mamakisi anga sanafikepo pa theka.

Atapuma ntchito anachoka ku Mzuzu n'kubwerera kwawo chakufupi ndi Katowo. Chaka chatha mpingo wawo unakonza zowathokoza pa utumiki wawo, ndipo banja linagwirizana kuti mapemphero akatha Lamulungu, akuluakulu a mpingo akadyere nkhomaliro pa famu ina yapafupi yomwe ili ndi nyumba zogona alendo. Lusungu anati ife tipitiretu Lachisanu, tikapumeko wikendi yonse pamodzi ndi mwana wathu Tiwonge. Kenako apongozi anandiimbira foni okha, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo.

"Mkweni," anatero, ndi mmene amatchulira mkamwini kumeneko, "za nkhomaliro ndazisiya m'manja mwanu. Za nyama musavutike, nditumiza ine. Inu mungoonetsetsa kuti alendo anga adye."

Ndinayankha nditaimirira, chikhalirecho ndinali ndekha mu ofesi. Mayeso aja anali atafika, ndipo ndinalumbira mumtima kuti ulendo uno ndikhoza basi.

Abale, dziko lathuli ndi lokongola, ife a m'tauni timangolionera pa kalendala. Titadutsa boma la Rumphi n'kulowa m'chigwa cha Nkhamanga, pakamwa panga panatseguka osatsekekanso. Chigwa chayala mpaka komwe maso alekezera, minda itakololedwa, udzu utafiira, zigafa za fodya zili apa ndi apo, ndipo kudzanja lamanja mapiri a Nyika atasanjikizana, lina pamsana pa linzake, omalizawo osasiyana ndi mitambo. Ndinkangoimitsa galimoto kuti ndione bwino, mpaka Lusungu anandikumbutsa kuti mapiri sathawa, lomwe likuthawa ndi dzuwa.

Famuyo ili m'tsinde mwa phiri. Tinyumba ta njerwa zowotcha, khonde loyang'ana kuchigwa, khofi m'mizere, ming'oma ya njuchi m'mitengo, ndi kamtsinje komwe kamangoyankhula kokha kuseri kwa nthochi. Mphepo yake yozizira yoluma makutu, koma yonunkhira utsi wa nkhuni ndi maluwa. Netiweki kulibe pokhapokha utakwera pachulu china pafupi ndi geti. Ndinamva mutu wanga ukupuma, chinthu chomwe ndinali nditaiwala kuti chimachitika.

Mwini malo ndi a NyaMsiska, mayi wachikulire, wofatsa, woyankhula Chichewa chokoma chokhala ndi kamvekedwe ka Chitumbuka. Anatilandira ngati ana awo. Lusungu ndi namwino ndipo anali atachokera ku naiti, choncho atangoona bedi anagwa ngati thumba la chimanga. Ine ndi Tiwonge tinakhala pakhonde n'kumaona mapiri akusintha mtundu.

Tili pomwepo, a NyaMsiska anatulukira atanyamula tambala wamkulu wofiira, miyendo itamangidwa ndi luzi. Anagwada patsogolo panga n'kumupereka ndi manja awiri.

"Adada, nkhuku yinu iyi."

Mtima wanga unasungunuka. Ku Lilongwe ukagona pa loji amakuwerengera ndi sopo yemwe, kuno munthu wangofika kumene akupatsidwa tambala? Ndinamulandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira mayi anga, ndinati "yewo chomene," mawu okhawo a Chitumbuka omwe ndimawatchula osapunthwa, n'kuwonjezapo kasipichi kothokoza. A NyaMsiska anakhalabe chigwadire, manja ali chitambasulire. Ndinaganiza kuti akudikira moni wa m'manja, ndiye ndinapanira tambala m'khwapa n'kuwagwira chanza mwamphamvu. Kenako ndinanyamuka ndi tambala wanga.

Ndinakamuika m'katoni m'buti mwa galimoto, ndi chimanga pang'ono ndi madzi m'chitini. Ndinapangana ndi Tiwonge kuti amayi ake tisawauze, idzakhale saprayizi pobwerera. Ndinkafuna Lusungu adzaone ndi maso ake kuti anthu a kwawo andikonda pandekha, osati chifukwa cha iye. Tiwonge anam'patsa tambalayo dzina loti Kaputeni.

Madzulo tinadya mpunga wa nyemba. Lusungu anayang'ana m'mbale mokayika n'kunena kuti kwawo mlendo sadya nyemba tsiku lofika, mwina zinthu zasintha. Ine ndinamudzudzula. Ndinamuuza kuti asiye mtima wa m'tauni, nyemba za oganiki ngati zimenezi ena amazifuna osazipeza, ndiponso anthu awa ndi opatsa kuposa mmene iye akuganizira. Ndinatsinzinira Tiwonge diso.

Loweruka m'mawa Lusungu anapita kwa makolo ake kukathandiza zokonzekera, n'kunena kuti akagona komweko, adzabwera ndi gulu lonse akaweruka kutchalitchi. Ine ndi Tiwonge tinakwera kaphiri ka kuseri kwa famu. Zomwe ndinaona pamwamba paja sindidzaziiwala. Nkhungu inali itadzaza chigwa chonse, yoyera mbee, nsonga za mapiri zokha zikusuzumira pamwamba pake. Dzuwa litakwera, nkhungu ija inayamba kung'ambika pang'onopang'ono, mudzi uwo kuonekera, ng'ombe izo, mtsinje uwo ukunyezimira, ngati wina akuvundukula dziko kuti ndilione ine ndekha. Chiwombankhanga chinkauluka m'munsi mwathu. M'munsi, osati pamwamba! Ndinavula kapusi. Sindine munthu wolira msanga, koma misozi inalengeza, ndipo ndinakuona kuchepa kwanga. Ndinati mumtima, anthu okhala pamalo otere sangakhale ouma manja, n'chifukwa chake amangogawa nkhuku.

Ndiye masana a NyaMsiska atabweranso, ulendo uno ndi nkhanga ziwiri, sindinadabwe kwenikweni. Anagwada, n'kunena ndi mawu otsika kuti, "Kapena izi, adada." Sipichi yanga inatalikirapo. Ndinakambapo za umodzi wa zigawo zathu, za chikondi chosaona mtundu, ndinafika mpaka pa Msamariya wachifundo. Polandira ndinaona kuti zala zawo zinakakamira pang'ono pamiyendo ya nkhangazo, koma ndinati chimenecho ndi chikondi cha mlimi pa ziweto zake. Ndinakoka mwaulemu, zinabwera. M'buti munalowa katoni yachiwiri.

Madzulo ake tinadya mazira okazinga ndi mpiru wotendera. Pochotsa mbale a NyaMsiska anazungulira nkhani kwa nthawi ndithu, kenako anandifunsa ngati mpingo womwe ndimapemphera umaletsa nyama. Ndinaseka. Ndinawauza kuti ine nyama ndimadya iliyonse, ndipo tsiku likadutsa osailawa thupi limachita ngati ladwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mbale ya mazira, n'kunena kuti "yewo" basi. Ndinati mayi awa ndi odzichepetsa zedi.

Lamulungu ndinadzuka molawirira, kuvala suti, kupukuta nsapato. Kutchalitchi sindinapite chifukwa ntchito yanga inali pompano. Ndikumwa khofi wa pafamu pomwepo, ndinamva kulira kwa mbuzi. A NyaMsiska anali kubwera akukoka tonde wonenepa, wakuda, wandevu zake zolemekezeka. Anagwada n'kundipatsa chingwe.

"Iyi yachokera kwa apongozi anu, adada."

Ndinaika kapu pansi n'kulandira chingwecho ndi manja awiri. Apongozi! A Kumwenda omwe aja, oti ngakhale "mwachita bwino" sanandiuzepo, lero anditumizira mbuzi yathunthu. Ndinati, ndiye chikondi cha anthu akale chimakhala chonchi, sichiyankhula, chimangobwera pachingwe. Ulendo uno sipichi ndinaiiwala. Ndinathamangira pachulu paja n'kuimbira mchimwene wanga ku Blantyre kumuuza kuti zatheka, ndalandiridwa m'banja.

Ndikudziwa funso lomwe muli nalo. Bwanji sindinakumbukire zoti anati atumiza nyama? Ndinakumbukira bwino lomwe. Koma kwa ine nyama imabwera m'beseni, yoduladula, yovundikira ndi nsalu. Chinthu chamiyendo inayi chondiyang'ana m'maso sindinachiwerengere m'gulu limenelo.

Tiwonge anaikonda mbuziyo nthawi yomweyo n'kuitcha Pulofesa chifukwa cha ndevu. Vuto linali posunga. Pafamupo panali mbuzi zambiri zakuda, ndipo ndinaopa kuti ikasakanikirana ndi zinzake sindidzaizindikira, ndiye ndidzawauza chiyani apongozi? Ndinaimika galimoto pamthunzi kuseri kwa chigafa, kupinda mipando ya kumbuyo, kuyala masaka, kutsitsa mawindo pang'ono. Kukweza tonde m'galimoto utavala suti si ntchito yamasewera, koma analowa.

Nditadzikuntha ubweya ndinapita kukhitchini kukayendera ntchito, manja kumbuyo ngati bwana. Nkhuni zinali zitaunjikidwa, moto ukuyaka, mapoto aakulu atatsukidwa, anyezi ndi tomato zitaduladulidwa, madzi akuwira. Amayi othandiza kuphika anali atangokhala pamphasa. A NyaMsiska anati akudikira ine, ndipo anafunsa za mbuzi ija. Ndinawatsimikizira kuti ili m'manja abwino, asade nkhawa. Anafunsanso ngati ndikufuna mpeni. Ndinakumbukira mapeyala omwe anatiikira pakhonde, ndiye ndinatulutsa kampeni kanga ka pamakiyi n'kuwaonetsa kuti aka kandikwanira. Amayi aja anayang'anizana, mmodzi anagwira pakamwa. Ndinaona kuti agoma nako.

Kuchokera pamenepo ntchito yanga inali yopita kugeti kukasuzumira njinga kapena pikapu yobweretsa beseni la nyama. Dzuwa linkakwera, msewu uli zii. Ndinakwera pachulu kuimbira apongozi, foni yozimitsa. Lusungu, yozimitsanso, poti anali m'tchalitchi. Thukuta linayamba kutsika m'kati mwa suti ngakhale kunkazizira. Ndiye taonani chipongwe cha munthu, ndinayamba kuwakwiyira apongozi mumtima. Ndinati akuluakulu awa, mphatso akumbukira kutumiza, koma nyama ya alendo awo omwe aiwala. Ndinalamula kuti pakali pano aphikeko nyemba ndi mpunga, zongodikirira.

Nyimbo ndi yomwe inayamba kufika. Inachokera kumunsi kwa msewu, mawu a amayi pamwamba, a abambo pansi, n'kukagunda phiri n'kubwerera, mwakuti unkangomva ngati phirilo likuvomera. Tsitsi langa linanyamuka. Kenako mapikapu anatulukira, amayi a chigwirizano atavala zoyera ndi zakuda, madoda a masuti ndi ndodo zawo, abusa kutsogolo. Kwa kanthawi ndinaiwala mavuto anga, ndinangoima pageti kukamwa kuli yasa.

Alendo atakhala pamipando pansi pa mitengo ya mapeyala, apongozi anabwera pomwe ndinaima. Ananunkhiza mphepo. Munthu wa zaka zawo amadziwa kuti pamalo pophikidwa mbuzi mphuno imamva usanafike pageti. Anandifunsa ngati zonse zili bwino. Apa ndi pomwe ndikanayenera kuwatengera pambali, koma ndinafuna kuti aliyense amve kuti mbali yanga ndachita. Ndinakweza mawu.

"Bambo, zonse zakonzeka. Koma nyama ija munati mutumiza sinafike."

Apongozi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutembenukira kwa a NyaMsiska. Mayi aja anagwada, maso pansi, n'kufotokoza kuti mbuzi inafika m'mawa ndipo anaipereka okha m'manja mwa mkweni. Anati poona kuti sakuibweza, anaganiza kuti akufuna kuzinga yekha monga amachitira anthu ena, makamaka poti anawaonetsa mpeni wake.

Ndisanapeze pakamwa, kuseri kwa chigafa kunalira hutala. Inalira kamodzi, n'kusiya, kenako inalira osalekeza.

Gulu lonse linanyamuka, abusa, madoda, amayi, ine m'mbuyo. Titafika tinapeza Pulofesa atadumpha mipando, ataima pampando wa dalaivala, miyendo ya kutsogolo ili pasiteringi, akutafuna tayi yanga yapadera yomwe ndinaisiya pagalasi. Makatoni anali atawagudubuza. Kaputeni anali atatera pamutu pa mpando wa pambali, chifuwa chili patsogolo ngati kondakitala, nkhanga zikuthamangathamanga kumbuyo n'kumakuwa. Za fungo ndi zomwe zinali pamipando sindinena, pano mwina ena mukudya.

"Tambala wa Lachisanu uja," anatero a NyaMsiska motsitsa mawu, ngati munthu wapeza m'bale wake wotayika. "Ndi nkhanga zomwe."

Lusungu anandigwira pamkono, chala chake chikulowa mpaka pafupa, n'kundinong'oneza zomwe mwana aliyense wa kumudzi amadziwa. Mlendo wolemekezeka amamuonetsa ndiwo zake zili zamoyo, kuti aone kuti samuphikira chakufa chokha kapena chodwala. Iye amangogwira, kuthokoza, n'kubweza kuti akaphe. Basi. Tambala uja anali chakudya chathu cha Lachisanu. Nkhanga zinabwera chifukwa mayi aja anaganiza kuti mwina nkhuku sindidya. Sakanatha kulanda mlendo chinthu m'manja, sakanathanso kundineneza kwa mkazi wanga, ndiye anangopirira n'kumatiphikira nyemba, ine n'kumaziyamikira kuti ndi za oganiki.

Ndinayang'ana mapiri aja ndinkawasirira, n'kupempha mumtima kuti limodzi lokha lindigwere. Palibe linasuntha.

Mkulu wina wa mpingo anati nthawi ikadalipo, mbuzi iphedwe msanga, anthu adikira. Koma Tiwonge atamva mawu oti kupha, anatsegula chitseko, kukumbatira khosi la tonde n'kuyamba kulira mokweza kuti Pulofesa ndi wathu, agogo anapatsa adadi, adadi anena okha. Zonse zomwe ndinamuuza m'mawa anazibwereza pamaso pa mpingo, ndi zoti agogo tsopano ayamba kuwakonda adadi zomwe. Pamenepo ndiye ndinafa ndithu.

Apongozi anayang'ana mdzukulu wawo, mbuzi, ndi ine. Kenako anati chomwe munthu walandira ndi manja awiri salandidwa, ndipo mbuzi yokhala ndi dzina silowa mumphika. Analamula kuti anthu abwerere pamipando.

Choncho akuluakulu a mpingo, atavala masuti awo abwino, pa tsiku lalikulu la a Kumwenda, anadya mpunga wa nyemba ndi mazira theka theka. Abusa popempherera chakudya anathokoza Mulungu chifukwa cha zomwe zili m'mbale, n'kuwonjeza kuti akuthokozanso chifukwa cha zomwe zapulumuka. Ameni wake anatuluka monjenjemera, ena mapewa akugwedezeka. Ine ndinakhala kumapeto kwa benchi. Ndinadziwa kuti ndalephera, ndipo sizinali zoseketsa kwa ine. Munthu anandikhulupirira kamodzi kokha, ine n'kumudyetsera alendo ake nyemba. Ndinkangodikira chigamulo.

Atatha kudya, apongozi anaimirira kuti athokoze alendo. Anathokoza abusa, amayi, a NyaMsiska chifukwa cha kuleza mtima kwawo. Kenako anakonza tayi, n'kuloza kumapeto kwa benchi komwe ndinabisala.

"Mkweni wangayu musamuseke," anatero, nkhope ili gwa. "Wolakwa ndine, chifukwa khalidwe lakeli ndinalidziwa kale. Tsiku loyamba kufika kunyumba kwanga ku Mzuzu anabwera ndi mwana wanga wamwamuna, monga mnzake wa kusukulu. Ine mwaulemu ndinaitana Lusungu kuti adzangomupatsa moni. Nayenso anamunyamula."

Phwete lomwe linaphulika pamenepo linakamveka kuphiri. Amayi anagwa pamphasa, abusa anatsamwa ndi madzi, ndipo a Kumwenda eni ake anavula magalasi n'kumapukuta misozi. Kanali koyamba kuwaona akuseka, koyambanso kunditchula kuti wawo pagulu. Podutsa anandigwira paphewa n'kundiuza kuti Khirisimasi ndidzabwerenso, koma galimoto ndidzaisiye ku Bolero, kutali ndi ziweto zawo.

Abale, mukalandira chinthu chopuma ndi manja awiri, yambani mwasuzumira ngati kukhitchini kwayaka moto.